Mavidiyo Anayi a Loweruka

Foni ya a Stafford inali pamwamba pa thumba la feteleza, yozimitsa. Nthawi inali 9:40 m'mawa, Lachiwiri pa 11 Febuluwale. Apolisi anali atanena kuti afika 10 koloko.

Mlandu unkakambidwa m'sitolo momwemo, kumapeto kwa esiteti, makilomita asanu ndi imodzi kuchokera kufakitale ya tiyi. Mayi Olivia, a ku ofesi yoona za antchito, anakhala pabenchi atasanjika fayilo pamiyendo. A Overton, wachiwiri kwa manijala wa minda, anaima pakhomo. A Stafford, omwe analondera sitoloyo zaka khumi ndi chimodzi, anafumbata chipewa ndi manja onse awiri.

Matumba makumi awiri a feteleza anasowa Loweruka masana. Loko anapezeka wotseka bwinobwino. Kiyi ankakhala pamsomali m'kanyumba ka mlonda.

Mawu a a Stafford sanasinthe chiyambire Loweruka. Cha m'ma 1 koloko anaona mbuzi zitalowa m'nazale, tsidya la khwawa. Anathamangira komweko, foni atayisiya pa tchaja ya sola m'kanyumbamo. Anabwerako 2 koloko itadutsa. Mboni panalibe, poti othyola tiyi anali ataweruka kale.

Madzulo a tsikulo mkulu wa alonda analanda foniyo, nakopera papepala zomwe anapezamo, naizimitsa. Pepalalo tsopano linali m'manja mwa a Overton.

"Mavidiyo anayi a mpira," anawerenga mokweza. "Yoyamba inalowa m'foni 1:12. Kenako 1:19, 1:27, yomaliza 1:38. Munthu ali tsidya kothamangitsa mbuzi. Nanga ankadina foni ndani? Mbuzizo?"

"Bwana, ine bandulo inandithera mwezi watha," anatero a Stafford. "Mpira ndimaonera umene ndaupeza kale m'fonimo."

"Mwamva, mayi? Akuvomera okha kuti amaonera. Anali pompano. Anawatsegulira anzawo, iwo n'kukhala pampando kumaonera zigoli."

Mayi Olivia analemba osadzutsa mutu. Kalata yochotsa ntchito inali yotayipa kale, pansi pa fayilo. Ikasainidwa, a Stafford ankayenera kutuluka m'nyumba ya esiteti pasanathe masiku asanu ndi awiri, iwo, akazi awo ndi ana atatu. Koma iwo eni akanayamba kaye akwera galimoto ya apolisi.

"Muli ndi chowonjezera, bambo?" anafunsa Mayi Olivia.

A Stafford anapukusa mutu. Mvula yowaza inayamba kugogoda pamalata.

Itakwana 9:52, Mayi Olivia anati sasaina chinthu chomwe sanachione ndi maso awo. Anayatsa foniyo natsegula pulogalamu ya mavidiyo. Onse anayi analimo. Nthawi zake zinagwirizana ndi za papepala, mphindi ndi mphindi.

Kenako analowa pomwe pamalembedwa malamulo a pulogalamuyo, nawerenga pang'onopang'ono. Inali yotchera kuti izidzisankhira yokha mavidiyo ofanana ndi omwe mwini wake amakonda, n'kuwasunga m'foni kuti adzaonere nthawi ina popanda netiweki. Koma inkatero pokhapokha ikapeza wayifayi. Pa bandulo, ayi.

A Overton anaseka. "Wayifayi kuthengo kuno? Ya kufakitale sifika ndi pageti pomwe. Zimenezo zisatichedwetse. Anabwereka bandulo kwa anzawowo, basi."

Zinali zoona kuti kunalibe wayifayi. Mayi Olivia ankadziwa, poti m'mawawo uthenga wawo womwe unakanika kupita mpaka anachita kukwera pachulu. Anabwezera foni pathumba paja, nasolola kalata pansi pa fayilo. Kumusi, pakati pa mizere ya tiyi, kunamveka galimoto ikulimbana ndi matope.

"Mayi," anatero a Stafford motsitsa mawu, "ana anga ali pakati pa teremu."

Cholembera chinali chitagunda kale papepala pamene foni ija inawala.

Palibe anaikhudza. Onse atatu anali sitepe ziwiri kapena zitatu kutali nayo. Vidiyo yachisanu inali itayamba kulowa, kamzere kake kakukwawa kupita kumanja. Mayi Olivia anaika cholembera pansi, nanyamula foniyo mosamala ngati dzira. Anayang'ana mndandanda wa mawayifayi omwe foniyo inkawadziwa. Munali dzina limodzi lokha.

"Bambo Stafford, wayifayi iyi anakuikirani ndani?"

"Ndi abwanawa, mu Januwale. Ankafuna ndiwatumizire zithunzi za matumba atangofika. Anachita kundilembera okha manambala ake achinsinsi."

Galimoto inaima panja. Zitseko ziwiri zinamenyetsedwa.

Mayi Olivia anatsegula lipoti la a Overton, nawerenga mzere woyamba mosakweza mawu: Loweruka lonse, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, anali kumaliro ku Kapichi. Kenako anawayang'ana. Dzanja la a Overton linali m'thumba la jekete, likufufuza batani lozimitsira kabokosi kawo ka intaneti, gwero la wayifayi ija, komwe mphamvu yake sipitirira mamita khumi.