Mphini za Eliyoti

Mavisi ankapeta mpunga pamene mlamu wake anatulukira ali wefuwefu.

"Alamu, mayi wa ku Welofeya, woona za ana uja, watenga mwana wanu Eliyoti kusukulu! Akuti mumamucheka ndi lumo."

Zinali mphini chabe, zomwe sing'anga anamutemera atadwala chibayo. Mavisi anathamangira kwa tcheyamani wa chipani.

"Bambo, mayi ameneyu sanandifunse n'komwe. Mwana amangonyamulidwa ngati nkhuku?"

Tcheyamani anatsegula kope lake mosafulumira. "Mayiyo watumidwa ndi boma. Ndilembe kuti mukutsutsana ndi boma?"

Mavisi anakumbukira mphunzitsi wa ku Lifuwu amene anakwezedwa Landirova chaka chatha, osaonekanso.

"Ayi, bambo. Lembani kuti ndathokoza."

Anabwerera kulichero kwake n'kuyambanso kupeta, mpunga n'kumangotayikira pansi.