Kalipentala Wayamba Kumwa

Dzuwa linali litakwera kale, koma m'shedi ya kalipentala munali zii. Sowo inali lende pa msomali. Chitseko cha eni ake chinali pa benchi, chopala mbali imodzi yokha. Mwini ntchitoyo anali atagona pa mulu wa utuchi, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono.

Mayi ake anaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa. Ndiye kuti wogulitsa tomato uja sananame. Dzulo lake anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti, "Mwana wanu uja akumadzandira m'mamawa. Akamalankhula lilime likumalemera. Komatu ine sindinanene kanthu."

Mayiwo ananunkhiza. Fungo lakuthwa linawalasa m'mphuno. Pansi pa benchi, pafupi ndi chitini cha vanishi, panali botolo lopanda pepala, la madzi oyera mbee. Mtima wawo unawawa. Mowa ndiwo unawalanda mwamuna, moti chimwalirireni bambowo dzina la chinthu chimenechi silinkatuluka pakamwa pawo.

Ndiye mwa ana onse, akhale ameneyu! Matenda a khunyu anamuyamba ali kusukulu. Chipsera cha pamkono wake chinali cha mbaula imene anagwerapo. Tsiku lina anagwa sowo ili m'manja. Mayi ake anayenda naye kuchipatala mpaka nsapato kutha, mapiritsi anapatsidwa, koma iye anamwa masiku owerengeka n'kusiya.

"Amandisandutsa chitsiru," ankatero. "Munthu wogwira sowo angagwire ntchito akusinza? Bola ndizigwa mwa apo ndi apo kusiyana n'kugona moyo wanga wonse."

Mayi ake anamunyengerera. Anamukalipira. Analira pamaso pake. Kabotolo komaliza ka mapiritsi anawabwezera m'manja kosatsegula, ndipo mpaka lero kanali m'chikwamamo, kakumalira ngati timiyala akamayenda. Tulo ta mapiritsi anakana. Tulo ta m'botolo ndiye tamukomera!

Mpongozi wawo anatulukira kuseri kwa shedi ndi tsache, khanda lili kumbuyo.

"Amayi! Mwafika nthawi yanji? Bwanji osaimba foni? Dikirani ndikutengereni mpando."

"Mpandowo usiye. Undiyankhe chimodzi chokha, mwana wanga." Anatsitsa mawu, poti khoma linali la malata ndipo za m'banja lawo sizinkapita kwa anthu. "Mwamuna wakoyu akumwa?"

Nkhope ya mtsikanayo inawala. "Akumwa, amayi! Wakuuzani ndani? Amafunatu akuuzeni okha."

"Ndiye ukuseka?"

"Ndilekerenji kuseka? Tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. M'mawa asanagwire ntchito, komanso madzulo."

"Munthu wodwala chonchi?"

"Eetu. Poyamba ankakana, mwana wanuyu mukumudziwa, mutu wake msomali sungalowe. Ndine ndinawakakamiza."

Mayiwo anagwira m'mphepete mwa benchi. "Iweyo?"

"Ineyo. Ndinawauza kuti asankhe okha: amwe, apo ayi khandali asadzalinyamulenso. Anatha tsiku lonse akupala thabwa limodzi lomwelo mpaka linatsala pang'ono kuoneka kuseri. Dzuwa likulowa anangoti, 'Bweretsa.'"

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mtsikana ameneyu anamuyamikira okha kwa abale onse, kuti ndi wofatsa, wa nzeru, wosaopa matenda. Lero ndi uyu, akuwaonetsa mano onse ngati wawabweretsera mphatso.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumutola pansi mwana ameneyu," anatero. "Kumupukuta thovu, kumutsamiritsa mutu pamiyendo pangapa mpaka atsitsimuke. Pokupatsa iwe ndinkati ndapeza wondilandira katundu. Osadziwa kuti ndikumupereka kwa womumaliza. Mudzutse. Umulongedzere zovala. Ndikupita naye kwathu lero lomwe."

Tsache linagwa. Khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kalipentala anangotembenuka pa utuchi paja n'kupitiriza mkonono.

"Amayi, ndalakwanji ine?"

"Ukufunsanso? Botololi ndiliphwanya iwe ukuona!" Anawerama n'kusolola lija la pansi pa benchi.

"Limenelotu ndi la mafuta osungunulira vanishi, amayi. Lawo ndimasunga ndine."

"Bwera nalo."

Mtsikanayo anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, anapisa m'thumba la diresi, n'kuika kanthu kakang'ono m'manja mwa apongozi ake. Kanalira ngati timiyala.

"Adokotala akuti tuloti tichepa thupi likazolowera," anatero motsitsa. "Chiyambireni kumwa, sanagwepo."

Mayiwo anakweza kabotoloko kuloza kudzuwa. Kanali kofanana ndendende ndi ka m'chikwama chawo, kungoti aka mapiritsi ake anali atafika pakati.