Banga pa Diso la Kamera

Mayi wokonza makamera ankapukuta fumbi pa shelefu pamene bambo wina analowa mu shopu, atakumbatira kachikwama pachifuwa. Anali mu yunifolomu ya oyendetsa basi, kolala itayamba kuthetheka. Anaima pakhomo kaye ngati akufuna kubwerera.

"Lowani, bambo. Muno sitiluma," anatero mayiyo.

Bamboyo sanaseke. Anatulutsa kamera yakuda, yakale ndithu, n'kuiika patebulo ndi manja awiri.

"Kachitseko ka batire kathyoka, ndiye batire likumangogwa. Mungakonze?"

"Imeneyo ndi ntchito ya mphindi makumi awiri."

"Chonde amayi, muigwire bwino."

"Ndakhala patebulo pano zaka makumi awiri ndi zitatu. Sindinagwetsepo kamera ya munthu."

Bamboyo anatsegula pakamwa kuti anene zina, koma panja wina anayamba kuliza hutala mosalekeza. Basi yake inali itatsekereza njira. Anapepesa n'kutuluka chothamanga.

Mayiyo anakhala pampando wake. Chimwalirireni mwamuna wake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, shopu inkangokhala zii. Anthu anasamukira ku mafoni. Masiku ena ankatsegula m'mawa n'kutseka madzulo osalankhula ndi munthu, kupatula wogulitsa nyuzipepala. Nkhope ya bambo uja anaizindikira. Ndi nkhope imene iye mwini ankakumana nayo pagalasi la kubafa m'mawa uliwonse, ya munthu amene akungoyenda chifukwa miyendo ikuyenda.

Kachitseko sikanavute. Anapeza kena m'bokosi la makamera akufa, anamanga tisikuluu tiwiri, batire n'kukhala. Anayatsa kamera kuti aiyese. Sichinali chizolowezi chake kusuzumira zithunzi za eni ake, koma chithunzi chomaliza chinangotulukira chokha pa sikirini: mzimayi atakhala pabedi, atafulatira, pakati ponse pali mbuu ngati nkhungu. Anabwerera m'mbuyo kamodzi, kenako kawiri. Khonde, nkhungu. Mpanda wa nyumba, nkhungu. Madeti ankasonyeza kuti zakhala chomwechi kwa miyezi isanu ndi itatu.

Anachotsa chivindikiro n'kupendeketsa kamera pansi pa nyali. Pakati penipeni pa galasi lojambulira panali banga louma, lomata ngati la switi, fumbi litakakamira pamwamba pake.

"Amuna enawa," anadziyankhulira akupukusa mutu. "Kudya uku, kujambula uku."

Koma chisoni chinamugwira. Miyezi yonseyi munthu akujambula banja lake, zithunzi n'kumatuluka zowonongeka, iye n'kumaganiza kuti kamera yakalamba. Mwina n'zimene amafuna kunena zija, manyazi n'kumugwira. Mayiyo anaganiza zomuchitira chifundo. Sanapemphedwe, koma inali mphatso yokhayo imene manja ake ankadziwa kupereka.

Anasamba m'manja n'kuumitsa. Anazondotsa kamera, galasi kuloza pansi, n'kuuzira ndi kampira kopopera mpweya kuti fumbi ligwe lokha. Mawu a malemu mwamuna wake ankamvekabe m'khutu: uyambe wachotsa mchenga, apo ayi ukanda galasi, ndipo usauzire ndi pakamwa, malovu amasiya zawo. Kenako anadutsitsa kaburashi kofewa, mopepuka. Anatulutsa kansalu katsopano kopukutira magalasi m'pepala lake, n'kudontheza dontho limodzi la mankhwala pakansaluko, osati pagalasi. Anayambira pakati, kuzungulira pang'onopang'ono mpaka m'mphepete, osakanikiza.

Bangalo linali lamakani. Ulendo woyamba linangofewa. Wachiwiri linatsala theka. Anapinda kansalu, kupeza mbali yoyera, n'kubwereza kachitatu. Atayang'ananso pansi pa nyali, galasi linali mbee, likubweza kuwala kobiriwira ngati latsopano. Anajambula shelefu kuti aone: chilembo chilichonse pamabokosi chinkawerengeka. Kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo anamwetulira. Anayang'ana mpando wopanda munthu wa mwamuna wake umene unali pakona, ngati akudikira kuti amuyamikire.

Bambo uja anabwerera akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Pepani amayi, malo oimika basi anavuta. Zatheka?"

"Kachitseko kali bwinobwino. Ndakuchitiraninso kena kapadera. Taonani nokha."

Anamupatsa kamera ija chivindikiro chili pambali. Bamboyo anailandira, n'kuyang'ana galasi. Anaipendeketsa kumanja. Anaipendeketsa kumanzere. Anapita nayo pazenera, n'kuiyandikitsa kumaso mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Anakhala choncho nthawi yaitali, hutala wa magalimoto akulira panja, iye osatembenuka.

"Amayi," anatero ndi mawu otsika, "mwapukuta?"

"Eee! Nkhungu ija yatha. Mukakajambula akunyumba lero, mudzadabwa. Koma musamagwire galasi ndi zala, bambo, makamaka mukangodya."

Bamboyo anafufuza benchi ndi dzanja ngati wakhungu n'kukhala pansi. Sanakalipe, ndipo sanamuyang'ane mayiyo kumaso.

"Sichinali chala changa," anatero. "Chinali cha mwana wathu wamkazi, wa zaka zitatu. Anagwirapo akudya switi, mawa lake anadwala, ndipo Lachisanu la sabata yomweyo tinamuika m'manda. Mayi ake amavundukula kamerayi tsiku lililonse kuti aone kachala kake. Ndikawauza chiyani kunyumba?"