Banzi la Apongozi

"Imani kaye, bambo! Dokotala anakuletsani batala," anatero Marisol, akulanda baga, banzi la nyama pakati, m'manja mwa apongozi ake, a Dombrowski.

Marisol anali atangokwatiwa kumene ku Wisconsin, ku America kuno, ndipo baga ya batala ankaiona koyamba. Anasolola nyama n'kuwabwezera banzi lokhalokha.

"Apongozi, ndakulakwirani chiyani ine?" anadandaula mkuluyo, nkhope ili ngati ya pamaliro. "Chabwino, ndipatseninso banzi lanulo, nyama yonse mudye ndinu."

Wendell, mwamuna wa Marisol, anafuna kuulula kuti mulesitilanti muno batala yense amapaka pa banzi, osati pa nyama. Bambo ake anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Iwe Wendell, mkazi wosamala chonchi usadzamutaye," anatero a Dombrowski, akunyambita zala zonyezimira.