Chikwangwani cha pa Tebulo

Amayiwo analowa m'chipinda cha mwana wawo kukangotenga makapu basi. Mwana mwana, koma ndi bambo wandevu kale. Akayamba zojambula zake pa kompyuta, makapu a nyumba yonse amathera kwake.

Pa tebulo panali chikwangwani chachikulu chosindikiza kumene. Munthu atafunda bulangete, atafulatira, mutu uli pakati pa mawondo, mbale ya chakudya ili pambali osaikhudza. Katani ya pazenera la pachithunzipo inali ya m'nyumba momwemo, yong'ambika pakona ija. Pansi pake panalembedwa kuti: "Ndatopa ine. Bola kungogona osadzukanso."

Kapu inawapulumuka m'manja.

Mayo ine! Chimwalirireni bambo ake, mwanayu anali asanagwetsepo msozi. Ankangowatsatira amayi ake kukhitchini, kuwatsatira pakhonde, maso ali pa iwo ngati pali mawu amene amutsamwa. Iwo, poti tulo tinawathawa ndipo chakudya chinkawakanira pakhosi, analibe mphamvu zomufunsa. Taonani tsopano!

Anathamangira kukhitchini. Pamwamba pa kabati, kuseri kwa mabotolo, ndi pamene ankasunga mankhwala a makoswe. Anapapasa. Fumbi lokhalokha. Anakwera pampando, napapasanso. Mapiritsi otsala a malemu aja nawonso panalibe.

Anamuimbira foni. Inalira m'chipinda mwake momwemo, pansi pa pilo.

Akuwe? Anthu oyandikana nawo akangomva, mawa msewu wonse uzidzati nyumba ija mwalowa misala. Anangoti khwaa pansi, atatsamira kabati.

Chitseko chinatseguka. Anali iyeyo, buledi ali m'manja.

"Mankhwala a makoswe ali kuti?"

"Amayi, tadekhani kaye."

"Ndidekhe chiyani? Ndaziona zimene walemba zija! Bambo ako ndaika m'manda, ukufuna ndikuikenso iwe?"

"Imene ija ndi ntchito ya kuchipatala. Akufuna zikwangwani zoti anthu asamachite manyazi kukapempha thandizo maganizo akawalemera. Mawu olimbikitsa a pamwamba ndi amene sindinamalize."

"Usandipusitse, ndinakubereka ndine," anatero amayiwo, misozi ili mbwembwembwe. "Mawu amene aja munthu sangangowapeka. Ndi a munthu amene zamufika pakhosi."

Mwanayo anaika buledi pa tebulo, nagwada pafupi nawo.

"Sindinapeke, amayi. Mumawanena inuyo m'mawa uliwonse mukamatsuka mbale. Mankhwalawo ndinakataya ndine, kuopa kuti tsiku lina ndidzabwera n'kupeza mulibe amayi. Chonde, tiyeni tipitire limodzi kuchipatalako."