Makina Olima pa Tsiku la Maliro

M'mudzi muno makasu anatha kale. Amalima ndi makina omvera ndondomeko yolembedwa pakompyuta. A Gwaza, popita ku Joni, analemba kuti makina awo azilima Lachinayi lililonse, koma nambala yowaimitsira anapita nayo.

Lachinayi limeneli kwa aneba kunagwa maliro, tsiku loti munthu salima. Nangozo, mkazi wa a Gwaza, atamva makina akulira kumunda, anathamanga n'kukakhala pamzere patsogolo pawo. Makinawo anaima, koma pakatha mphindi zisanu zilizonse ankayesanso.

Mlongo wa malemu anamulondola. "Anangozo, tiyeni, bokosi likunyamuka."

"Ndikangodzuka pano, alima."

"Mukakhalanso, anthu adzati maliro athu munawaonera kumunda."

Nangozo anafunda chitenje kumutu. Nyimbo ya maliro inadutsa pamsewu, makina n'kuyesanso.