Madzi Aulesi a ku Umvukwes

"Choyezera kutentha chapita kuti?" anakuwa a Kalino, osonkhezera moto m'balani yowumitsira fodya pafamu ina ku Umvukwes, mu Febuluwale 1958.

Mwana wawo Keziya anali atachitenga n'kukachiviika mumphika wa madzi owira kunyumba. Aphunzitsi ake anali atafunsa kuti madzi amawira pa madigiri angati, ndipo iye anafuna kudzionera yekha. Chinasonyeza 203 pa muyezo wa masiku amenewo, poti kumalo okwera ngati kumeneko madzi amawira pa madigiri otsikirapo.

Pomwe ankachibweza, fodya anali atapserera. Bwana anawachotsa ntchito a Kalino tsiku lomwelo.

M'mawa mwake, makolo akumanga katundu, Keziya anathamangira kusukulu ndi yankho lake.

"Buku likuti 212," anatero aphunzitsi, akukhwatcha. "Kapena madzi a kwanu ndi aulesi? Ukanangokopera, mwanawe."